Mayina a matikiti a ulendo m'Chingerezi

Tikiti ya ulendo ndi kapepala, khadi kapena uthenga wa pafoni wosonyeza kuti munthu walipira kuti akwere basi, sitima kapena ndege. Mawu akuti tikiti anachokera ku Chingerezi, ndipo ku Malawi matikiti ambiri amalembedwa m'chinenerochi. Mawu a pa tikiti ndi amene amanena komwe wokwera akatsikire, tsiku loyenda, komanso ngati walipiriratu ulendo wobwerera.

Kumene matikiti amapezeka

M'maboma a Dowa ndi Ntchisi, maulendo ambiri afupiafupi sakhala ndi tikiti. Wokwera minibasi, Sienta, matola kapena kabaza, monga pochoka ku Ntchisi kupita ku Mponela, amangopereka ndalama kwa kondakitala kapena dalaivala. Anthu a m'maderawa amakumana ndi matikiti akakwera mabasi akuluakulu odutsa mumsewu wa M1 kulowera ku Kasungu ndi Mzuzu, akapita ku maofesi a makampani monga AXA ndi Intercape ku Lilongwe, kapena pa bwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi.

Mitundu ya matikiti

Single kapena one-way ndi tikiti yongopita. Pobwerera munthu amagulanso ina.

Return ndi tikiti yopita ndi kubwerera. Ku America amaitchula kuti round trip.

Open return ndi tikiti yopita ndi kubwerera imene tsiku lobwerera silinalembedwe. Mwini wake amayenera kukasungitsa mpando ku ofesi asanabwerere, ndipo tikitiyo imakhala ndi nthawi yothera.

Day return ndi yopita ndi kubwerera tsiku lomwelo.

Season ticket ndi yoyendera kangapo panjira imodzi kwa sabata, mwezi kapena chaka. Ndi yofala pa sitima zapamtunda za ku Britain.

Child fare kapena half fare ndi mtengo wa mwana. Zaka za mwana woyenera mtengowu zimasiyana malinga ndi kampani.

E-ticket ndi tikiti yogulidwa pa intaneti yomwe imabwera pafoni kapena pa imelo. Pa ndege, tikiti imasiyana ndi boarding pass, yomwe imaperekedwa munthu akalembetsa kuti wafika ndipo imaonetsa nambala ya mpando.

Magulu a malo okhala

Tikiti zina zimasiyana chifukwa cha malo amene munthu amakhala. Pa ndege pali economy, omwe ndi malo otsika mtengo, ndi business, omwe ndi okwera mtengo. Sitima ya Ilala, yomwe yakhala ikuyenda pa nyanja ya Malawi kuyambira mu 1951, ili ndi malo a economy, second class, first class ndi cabin, momwe muli bedi.

Mawu ena ofunika

Valid until amatanthauza tsiku lomaliza logwiritsa ntchito tikiti. Non-refundable ndiye kuti ndalama sizibwezedwa ulendo ukalephereka. Not transferable ndiye kuti munthu wina sangayendere tikitiyo. Excess luggage ndi katundu wopitirira mulingo wololedwa, ndipo amalipiridwa payekha.

Kufunika kwa mawuwa

Kusokoneza mawuwa kumawonongetsa ndalama makamaka pa maulendo akunja. Mabasi ochoka ku Lilongwe kupita ku Johannesburg amadutsa ku Tete m'dziko la Mozambique ndi ku Zimbabwe asanafike pa chipata cha Beitbridge. Dziko la South Africa limalola munthu wa pasipoti ya Malawi kukacheza masiku 30 popanda visa, koma ogwira ntchito pa chipata akhoza kumufunsa tikiti yobwerera. Wogula single poganiza kuti ndi return akhoza kuvutika pamenepo, kapena kusowa ndalama yobwerera kumudzi. N'chifukwa chake wogula amafunika kuwerenga dzina lake, tsiku ndi mtundu wa tikiti asanachoke pa ofesi.