Mpata wa Pakati pa Kugunda kwa Mtima: Zimene Madokotala Amaonamo

Namwino wa pa cipatala ca Kalindawalo ku Petauke, ca Minga kapena ca Nyimba akagwira mkono wa wodwala, amawerenga kuti mtima ukugunda kangati pa mphindi imodzi. Kwa munthu wamkulu amene akupumula, nambala yoyenera ndi ya pakati pa 60 ndi 100. Koma pali cina cimene cala sicingayeze: mipata ya pakati pa kugunda ndi kugunda siikhala yolingana. Pa Cingelezi zimenezi zimachedwa heart rate variability, mwacidule HRV.

Mtima umayendetsedwa ndi magulu awiri a mitsempha amene amagwira nchito mwini wake osadziwa. Gulu loyamba limaufulumizitsa munthu akacita mantha kapena akagwira khasu. Laciwiri, lodzera mu mtsempha wa vagus, limaubweza. N'cifukwa cake mtima umathamangako pokoka mpweya, n'kubwerera poutulutsa, monga anasonyezera Carl Ludwig wa ku Germany mu 1847.

Ambiri amaganiza kuti mtima wabwino umagunda ndendende ngati wochi, koma sizili conco. Mu 1987, Robert Kleiger ndi anzake ku America anafalitsa zimene anapeza pa odwala 808 amene anapulumuka mtsempha wa magazi wa mu mtima utatsekeka. Amene kusiyana kwa mipata yawo kunali pansi pa mamilisekondi 50 anali pangozi ya imfa kuwirikiza kasanu poyerekeza ndi amene kunapitirira 100. Milisekondi ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a sekondi.

Nkhaniyi ikhudza kwambiri odwala shuga, pakuti nthendayi imaononga mitsempha mwakacetecete, ndipo HRV imatsika nthawi zambiri wodwala asanamve ciliconse. Kenako ena amayamba kumva cizungulire akaimirira. Ukalamba, mowa, kusowa tulo ndi kutentha thupi nazonso zimaitsitsa, motero kupima kamodzi sikokwanira.

Malinga ndi malangizo amene akatswiri a mtima a ku Europe ndi North America anagwirizana mu 1996, amapima ndi makina a ECG kwa mphindi 5, kapena ndi kamakina ka Holter kamene wodwala amavala maola 24. Mawochi amakono amasonyezanso nambalayi, koma sangalowe m'malo mwa dokotala.

Kugunda kosokonekera, kumene munthu amakumva m'cifuwa pamodzi ndi befu kapena kukomoka, ndi vuto lina, lofunika kupita nalo kucipatala msanga. Odwala ofunika akatswiri angatumizidwe ku Lusaka, kumene kuli UTH ndi National Heart Hospital.