Aticha Nawonso Amaopa: Mbiri ya Mabuku Oseka Mayeso

Mayeso olemba ndi akale kwambiri kuposa sukulu iliyonse imene tidziwa muno mu Zambia. Ku China, mafumu anayamba kusankha anthu ogwira ntchito za boma kupyolera m'mayeso zaka zoposa 1,300 zapitazo, ndipo dongosolo limenelo linatha mu 1905. Olemba anali kutsekeredwa m'tuzipinda tung'onotung'ono kwa masiku angapo, kudyera momwemo ndi kugona momwemo. Koma ambiri mwa iwo anali amuna akuluakulu, ena a imvi zawo. Sukulu za makono ndizo zinatenga katundu ameneyo ndi kumusenzetsa mwana wa zaka 8, 10 kapena 13.

Ife amene tinalembako Giredi 7 tidziwa kulemera kwake, ndipo kulemerako kuli ndi chiyambi chake. M'nthawi ya atsamunda, malo a sekondale a ana akuda anali ochepa ngako. Sukulu ya Munali ku Lusaka, kumene Kenneth Kaunda anaphunzirako, inayamba chakumapeto kwa zaka za m'ma 1930. Pamene dziko linalandira ufulu mu 1964, anthu a muno amene anali ndi digiri anali pafupifupi 100 chabe, ndipo University of Zambia inatsegulidwa mu 1966. Ana atachuluka kupulaimale koma madesiki a kusekondale ali ochepa, mayeso anakhala ngati sefa. Lamulo la mu 1983 linakhazikitsa Examinations Council of Zambia, ndipo kwa zaka zambiri mamaki a Giredi 7 ndiwo anali kunena ngati mwana apitiriza sukulu kapena akhala panyumba. Ndiye chifukwa chake mawu akuti "wafeluka" amamveka ngati uthenga wa maliro m'mabanja ambiri. Kuchokera mu 2022 maphunziro ndi aulere mpaka kumaliza sekondale, koma mantha amene makolo athu anakula nawo akali kupatsirana ngati chimfine.

Amene anayamba kupima mantha amenewa mwasayansi ndi akatswiri a ku America. Mu 1952, George Mandler ndi Seymour Sarason a pa yunivesite ya Yale anaonetsa kuti ophunzira amene amaopa kwambiri mayeso amachita moipirapo akapanikizidwa. Mu 1960, Sarason ndi anzake anatulutsa buku lokamba za nkhawa ya ana a kupulaimale. Kenaka mu 1967, Robert Liebert ndi Larry Morris anagawa mantha a mayeso pawiri. Pali a m'thupi: mtima kugunda, m'manja kuchita thukuta, m'mimba kubwadamuka. Palinso a m'mutu: kuganizira zakuti kunyumba akanena chiyani, anzanga adzandiseka, ndidzabwereza giredi. Iwo anapeza kuti a m'mutuwa ndi amene amagwetsa mamaki kwambiri. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Malo amene ubongo usungira zinthu pamene uwerengera samu ndi ochepa. Ngati theka la malowo ladzaza ndi nkhope ya atate atakwiya, funso la magawo lisowa pokhala.

Mabuku ena oseketsa okamba za mayeso anatuluka komweko ku America, pa nthawi imene mayeso a boma anayamba kuchuluka m'sukulu za ana ang'ono. M'zaka za m'ma 1990, zigawo zambiri za dzikolo zinayamba kuweruza sukulu ndi aphunzitsi malinga ndi mamaki a ana. Mu Januwale 2002, Pulezidenti George W. Bush anasaina lamulo lotchedwa No Child Left Behind, limene linafuna kuti ana a Giredi 3 mpaka Giredi 8 azilemba mayeso a kuwerenga ndi samu chaka chilichonse. Sukulu imene inali kulephera zaka zotsatizana inali kupatsidwa chilango, ngakhale kusinthidwa aphunzitsi. Choncho mwana wa zaka 8 anapezeka atanyamula ntchito ya aticha ake m'pensulo yake.

Buku loyamba lofunika kulitchula ndi *Hooray for Diffendoofer Day!*, limene linatuluka mu 1998. Analiyamba ndi Dr. Seuss, wolemba mabuku a ana wotchuka, koma anamwalira mu 1991 atasiya zojambula ndi timizere tochepa. Wandakatulo Jack Prelutsky ndi wojambula Lane Smith ndiwo analimaliza. Nkhani yake ndi ya sukulu ya aphunzitsi a misala yabwino, makamaka Miss Bonkers, amene aphunzitsa ana zinthu zodabwitsa ndi kuwazoloweza kuganiza paokha. Tsiku lina ahedi abwera ndi nkhope yakugwa: kukubwera mayeso, ndipo ngati ana alephera, sukulu idzagwetsedwa, onse adzatumizidwa ku Flobbertown, tauni yogwetsa ulesi kumene aliyense achita zofanana. Ana agwidwa mantha, koma atatsegula pepala apeza kuti mafunso ndi a zinthu zimene adziwa kale, ndipo apambana ndi mamaki apamwamba.

Lachiwiri ndi *Testing Miss Malarkey*, lolembedwa ndi Judy Finchler, zithunzi zake zojambulidwa ndi Kevin O'Malley, la mu 2000. Umu nthabwala yagona pa akuluakulu. Onse auza ana kuti asade nkhawa, koma zochita zawo zionetsa zina. Aticha a masewera aleka mpira, ayamba kuphunzitsa ana yoga yokhazika mtima pansi. Kukhitchini ya sukulu ayamba kuphika zakudya zimene akuti zinola ubongo. Kunyumba, makolo akamaliza kuwerengera mwana nthano yogonera, amufunsa mafunso ngati ali m'kalasi. Mwana woona zithunzizo azindikira yekha chimene palibe anamuuzapo: anthu amene akunjenjemera kwambiri ndi akuluakulu.

Apa ndi pamene pali mphamvu ya mabuku otere. Mwana woopa amaganiza kuti ali yekha, ndiponso kuti mantha ake ndi umboni wakuti ndi mbuli. Ukamuuza kuti "usaope," amamva kuti kuopa ndi mlandu wina, ndiye amabisa. Koma akaona ahedi a m'buku akutuluka thukuta, amaseka, ndipo munthu amene waseka amamasuka pakamwa. Ukamufunsa kuti, "Nanga aticha aja akuopa chiyani?" amayankha mosavuta, chifukwa akukamba za munthu wa pa pepala. Pang'onopang'ono amafika ponena zake. Kugwiritsa ntchito mabuku mwanjira imeneyi kunapatsidwa dzina la Chingelezi lakuti bibliotherapy kale mu 1916 ndi mlembi Samuel Crothers. Ndipo kutulutsa nkhawa m'mawu kuli ndi phindu lopimika. Mu 2011, Gerardo Ramirez ndi Sian Beilock a pa yunivesite ya Chicago anafalitsa kafukufuku woonetsa kuti ophunzira amene analemba nkhawa zawo papepala kwa mphindi 10 asanayambe mayeso anachita bwino kuposa anzawo a nkhawa amene sanalembe. Mwana wamng'ono sangalembe tsamba lathunthu la zakukhosi, koma angathe kukamba, ndipo nkhani yoseketsa ndiyo imamuyambitsa.

Mabuku awiriwa ndi a ku America, a m'Chingelezi, ndipo zina mwa nthabwala zake zimveka bwino kwa mwana wa kumeneko. Koma njira yake si yachilendo kwa ife. Ambuye athu anali kuigwiritsa ntchito pamoto madzulo. Kumbukirani Kalulu pamene anauza Njovu kuti akokane chingwe, n'kupitanso kwa Mvuu kukanena chimodzimodzi. Anapatsa aliyense nsonga yake, iye n'kubisala pathengo, zimphona ziwirizo zikutuluka thukuta, chilichonse chikudabwa mphamvu za kanyama kakang'ono. Ana amaseka nthanoyi chifukwa iwo ndiwo ang'onoang'ono m'dziko la akuluakulu. Imawaphunzitsa kuti chinthu chachikulu chingathe kuoneka chopusa, ndipo wamng'ono wodekha angathe kupeza njira. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pepala la mayeso lifuna kudekha komweko.

Ambiri a ife tili ndi ang'ono athu, alongo athu kapena ana a achemwali amene akonzekera mayeso m'nyumba zimene tikhalamo. Nthawi zambiri ndife amene timawathandiza homuweki pamene makolo ali kumsika kapena kuntchito, ndipo ndife amene timawaopseza kwambiri, mwina mosadziwa, ndi nkhani zakuti Special Paper inaliza anthu. Tingathe kusintha kakambidwe. Ngati buku lilipo ku laibulale kapena pa foni, tiwerenge nawo, tiime pa zithunzi, tiwalole aseke mpaka akhute. Ngati palibe, tipinde mapepala atatu a m'kope, tijambule tokha. Mwana asankhe nyama: Fisi amene wanola mapensulo 20 mpaka onse atha, kapena Kamba amene wafika pa geti ya sukulu usiku wa dzulo lake poopa kuchedwa. Zojambula zikhale zoipa, zilibe kanthu, ndiye zimaseketsa bwino.

Pali malire awiri ofunika kuwasunga. Loyamba, nthabwala iloze mayeso, nyama ndi akuluakulu, isaloze mwanayo. Kuseka mwana chifukwa analira pa mayeso oyeserera kumangowonjezera manyazi pa mantha. Lachiwiri, buku sililowa m'malo mwa kuwerenga. Ana a Miss Bonkers anapasa chifukwa anali ataphunzira chaka chonse. Mwana afunikabe kuyeseza mapepala akale, kuzolowera kudetsa tumabokosi twa mayankho ndi pensulo, kugona mokwanira ndi kudya kanthu m'mawa. Ntchito ya kuseka ndi kuchotsa phokoso m'mutu kuti zimene anaphunzira zipeze potulukira.

Mayeso anayamba ngati njira yosankhira akalaliki a mfumu, ndipo kwathu kuno anakhala sefa chifukwa madesiki anali ochepa. Mwana wa zaka 12 sadziwa mbiri yonseyi, amangoona nkhope zathu ndi kumva mawu athu. Sabata ya mayeso ikayandikira, tipatule theka la ola madzulo, tikhale naye pansi, timusimbire za Fisi ndi mapensulo ake, kenaka timufunse chimene chimuopsa kwambiri, ndipo akayamba kuyankha, ife tikhale chete timvetsere.