Mbiri ya Kuyeza Ulumali wa Manja ku Mangochi

Kumadera a kum'mwera kwa nyanja ya Malawi, mbiri ya kuyeza ulumali wa manja imayendera limodzi ndi ya khate. M'nthawi ya atsamunda, boma la Mangochi likutchedwa Fort Johnston, odwala khate ankasamalidwa makamaka ndi amishoni, monga a Anglikani ku Likwenu pafupi ndi Malosa ndiponso a Katolika ku Utale. Chomwe ankayang'ana chinali thupi: zilonda, dzanzi ndi zala zoduka. Mu 1988 bungwe la WHO linakhazikitsa magawo atatu a ulumali wa khate: 0 ngati palibe vuto, 1 ngati dzanja kapena phazi lachita dzanzi, ndi 2 ngati kupunduka kukuoneka ndi maso. Pofika 1994 odwala khate m'Malawi anali atachepa, osafika mmodzi pa anthu 10,000 alionse.

Muyeso woterewu sukwanira pa scleroderma, nthenda yosowa imene imaumitsa khungu ndi kupinditsa zala, nthawi zina n'kuwononganso mapapo ndi kummero. Nthendayi si yopatsirana. Mu 1957 dokotala wina dzina lake Erasmus anaipeza mwa anthu okumba golide ku Witwatersrand ndipo anaigwirizanitsa ndi fumbi la miyala. Kumigodi komweko n'kumene bungwe lolemba anthu ntchito la Wenela linkatumiza amuna ambiri a ku Malawi, a ku Mangochi omwe, mpaka ngozi ya ndege ya ku Francistown mu 1974.

Poyeza scleroderma, poyamba madokotala ankatsina khungu kuti amve kuuma kwake. Njira ya Rodnan, monga ikugwirira ntchito lero, imatsina malo 17 pathupi. Koma kuuma kwa khungu sikuulula ngati munthu angathe kudya yekha. Mu 1980 James Fries ndi anzake ku Stanford anatulutsa mafunso otchedwa HAQ: mafunso 20 okhudza kuvala, kudya, kuyenda, kusamba, kugwira zinthu ndi zina, ndipo wodwala amayankha yekha kuyambira pa 0 mpaka 3. Mu 1997 Steen ndi Medsger anawonjezerapo mafunso a odwala scleroderma okhudza zilonda za m'zala, kupuma ndi m'mimba.

Kusintha komweku, kofunsa zimene munthu angathe kuchita, kunafika m'kalembera wa dziko lino. Wa 2018 anafunsa ngati munthu amavutika kuona, kumva, kuyenda kapena kudzisamalira, ndipo anapeza kuti anthu pafupifupi 10 pa 100 alionse a zaka zisanu kupita m'tsogolo ali ndi ulumali. Wa 2008 anali atapeza pafupifupi 4 okha.

Vuto lotsala ndi lakuti HAQ imafunsa za kukwera galimoto ndi kutsegula mpopi, pamene ku Makanjira, Malembo ndi Chembe manja amasoka ukonde, amapalasa bwato, amayanika usipa pathandala ndiponso amatema nsima. Mafunso osatchula ntchito zimenezi amachepetsa ulumali wa msodzi ndi wa mayi wowamba nsomba.