Kachitsulo Koyatsa Wonga: Kuchokera kwa M'busa wa ku Scotland Mpaka Mkangano wa Magnum

Chakumapeto kwa 2020, m'masitolo ogulitsa zida za alenje ku America munasowa katundu wochepa kuposa njere ya nandolo. Eni ake amamutcha primer. Ndi kachitsulo konga kambale kamene kamakhala kumbuyo kwa chipolopolo, pakati penipeni. Munthu akakhethemula mfuti, kamsomali kamamenya kambaleko, iko n'kulavula moto umene umayatsa wonga. Popanda kameneka, chipolopolo ndi mkuwa ndi mtovu basi.

Amene zinawapweteka kwambiri ndi anthu odzaza okha zipolopolo. Kumeneko alipo ochuluka zedi: akawombera amatola makoko a mkuwa, n'kuwatsuka, n'kuikamo primer yatsopano, wonga woyeza pa sikelo ndi mtovu, chipolopolo n'kubadwanso. Chaka chimenecho, mliri wa Covid-19 ndi zipolowe zitautsa mantha, bungwe la FBI linafufuza mbiri ya ofuna mfuti maulendo oposa 39 miliyoni, ndipo mafakitale anayamba kusunga maprimer kuti apangire zipolopolo zawo zogulitsa. Kampani ya Remington nayo inali itagwa mu July. Bokosi la maprimer 1,000, lomwe kale linkagulidwa madola 30 ndi pang'ono, linadutsa madola 100. Wochita mwayi ankapeza bokosi limodzi lotsala pa shelefu, koma lolembedwa mawu akuti magnum. Funso linali pakamwa pa aliyense: kodi ndingaike imeneyi m'malo mwa primer wamba m'mfuti yanga ya m'manja?

Kuti funsoli limveke, tiyambire kudambo la abakha ku Scotland.

Alexander John Forsyth anali m'busa wa mpingo wa ku Belhelvie, kumpoto kwa mzinda wa Aberdeen, ndipo ankakonda kusaka mbalame za m'madzi. Mfuti za masiku amenewo zinkayaka ndi mwala: mwala ukakhula chitsulo, mbaliwali zinkagwera pa kawonga kapanja, kameneko kanayamba kathwanima ndi kufuka utsi, kenako moto n'kulowa mumpope. Kamphindi kapakatiko kanali kokwanira kuti bakha aone kuwala n'kumira. Kukagwa mvula, ulenje unkathera pomwepo. Forsyth anamva za mankhwala ophulika akangomenyedwa, monga mercury fulminate amene Edward Howard anawafotokoza ku London mu 1800, ndipo anaganiza zowagwiritsa ntchito yoyatsira wonga m'malo mwa mwala. Mu 1806 boma linamupatsa malo oyesera nzeru zakezo mu Tower of London, koma akuluakulu atasinthana mipando anamuchotsa. Chaka chotsatira, mu 1807, analembetsa luso lakelo m'dzina lake. Gawo lalikulu la mphoto imene boma linamuganizira linafika iye atamwalira kale mu 1843, ndipo zimandimvetsa chisoni kuti munthu amene anasintha mfuti za dziko lonse anapita asanalawe bwino thukuta lake.

Ena anapitiriza pamene iye anasiyira. Anatsekera mankhwalawo m'kachipewa ka mkuwa kovekedwa pa kansonga ka mfuti, kanyundo n'kumakamenya pamwamba. Anthu angapo ankalimbirana kuti ndiwo anayambitsa; mmodzi wa iwo ndi Joshua Shaw, wojambula zithunzi wa ku England amene anasamukira ku Philadelphia n'kulembetsa kachipewako mu 1822. Tizipewa timeneti tinafika mpaka kuno kwathu pamodzi ndi mfuti za gogodela, m'mitolo ya amalonda a minyanga ndi akapolo ochokera kugombe, kumene Aswahili amatitcha fataki.

Chaka cha 1866 chinabala mitundu iwiri ya primer imene ilipo mpaka lero. Edward Boxer wa ku Woolwich ku England anakonza yokhala ndi kachitsulo kake kogundirapo mkati, ndipo khoko lake lili ndi bowo limodzi pakati. Hiram Berdan wa ku America anaika kogundirapoko pa khoko lenilenilo, ndi timabowo m'mbali mwake. Zinatembenuka modabwitsa: Amereka anakonda ya Mngelezi uja, pamene asilikali a ku Ulaya anatenga ya Mmereka. Kusankha kumeneku ndiko kunabzala mwambo wodzaza zipolopolo ku America, chifukwa primer ya Boxer imatuluka ndi kamsomali kamodzi kolowera pa bowo lapakati, pomwe ya Berdan imafuna kuigoba movutikira.

Mankhwala a mkati ndiwo anasautsa zaka zambiri. Mercury ankafooketsa mkuwa, makoko n'kumang'ambika, makamaka wonga wosafuka utsi utafala pambuyo pa ntchito ya Paul Vieille wa ku France mu 1884. Atasinthira ku potassium chlorate, mipope inayamba kudyeka ndi dzimbiri ngakhale mwini atapaka mafuta. Ambiri ankaloza chala wonga, mpaka mu 1922 pamene Wilbert Huff wa ku Bureau of Mines anasonyeza kuti primer inkasiya mchere mumpope, mcherewo n'kumakoka chinyezi. Chothetsa vutoli chinali madzi, osati mafuta. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920 kunabwera zosadyetsa dzimbiri, Sinoxid ku Germany ndi Kleanbore ya Remington ku America. Lead styphnate, amene ndi mtima wa maprimer ambiri lero, anakhazikika kuyambira nthawi imeneyo.

Nanga magnum analowa bwanji? Liwuli ndi la Chilatini, kutanthauza chachikulu, ndipo ogulitsa vinyo ankatchula nalo botolo la lita imodzi ndi theka. Opanga mfuti a ku London anabwereka dzinali; Holland & Holland anatulutsa .375 Magnum mu 1912, mfuti imene alenje a njovu ndi njati mu Africa muno anaidziwa bwino. Ku mfuti za m'manja linafika mu 1935, pamene Smith & Wesson ndi Winchester anatalikitsa pang'ono khoko la .38 Special n'kupanga .357 Magnum. Mfuti yolembedwa nambala 1 anapatsa J. Edgar Hoover, mkulu wa FBI. Kumbuyo kwa ntchitoyi kunali Douglas Wesson, Phil Sharpe ndi Elmer Keith, woweta ng'ombe ndi mlembi wa ku Idaho amene anaphulitsapo mfuti poyesa malire ake. Keith yemweyo ndiye anaumiriza makampani mpaka .44 Magnum inatuluka, Remington akupanga zipolopolo, kumayambiriro kwa 1956.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya. Keith ankadzaza .44 Magnum yake ndi wonga wotchedwa 2400, ndipo ankauyatsa ndi primer wamba. Dzina la magnum pa chipolopolo silinkafuna primer ya magnum. Chimene chinaifuna ndi mtundu wina wa wonga.

Mu 1933, kampani ya Western Cartridge ku East Alton m'chigawo cha Illinois inayamba kupanga wonga wa timibulu tonga njere za mawere, nzeru ya katswiri wina, Fred Olsen. Timibuluti amatikuta ndi mankhwala ochedwetsa moto kuti tisapse nthawi imodzi. Aliyense amene anakolezapo mbaula akudziwa kusiyana kwake: udzu wouma umalilima ndi kamtengo kamodzi ka machesi, koma makala amafuna moto wokhalitsa ndi kukupiza. Wonga wofulumira, wothira pang'ono mu .38 Special kapena .45 ACP, ndiwo udzu. Wonga wochedwa wa timibulu, wodzaza khoko mpaka pakhosi, ndiwo makala, ndipo kukazizira kwambiri umavuta koposa. Bruce Hodgdon wa ku Kansas, amene anayamba malonda ake mu 1947 pogula wonga wotsala pa nkhondo, anafalitsa mitundu yotere kwa anthu wamba. H110 wake ndi Winchester 296, amene ndi wonga umodzi m'zitini ziwiri, ndiwo amatchulidwa koyamba pakakambidwa za primer ya magnum.

Opanga maprimer anayankha. Dick Speer, mng'ono wake wa Vernon Speer wopanga mitu ya zipolopolo, anatsegula fakitale ku Lewiston m'chigawo cha Idaho mu 1951, imene inadzatchedwa CCI. Anaona kuti makampani akuluakulu sankalabadira anthu odzaza okha, ndipo mothandizana ndi Victor Jasaitis, katswiri wa mankhwala wothawa kwawo ku Lithuania, anayamba kuwapangira maprimer. Federal nayo inakonza primer nambala 215 kuti iyatse wonga wochuluka wa .378 Weatherby Magnum, mfuti yaitali ya alenje. Nzeru yomweyo inatsikira ku mfuti za m'manja: CCI ili ndi 500 wamba ndi 550 ya magnum pa zazing'ono, 300 ndi 350 pa zazikulu.

Poziyang'ana simungazisiyanitse. Yaing'ono, kaya wamba kaya magnum, ndi mamilimita 4.45 m'mimba mwake. Yaikulu ndi 5.33. Wamba ndi magnum za kukula kofanana zimalowa pa bowo limodzimodzi, ndipo msampha wagona pamenepo. Kusiyana kuli mkati. Ya magnum imapereka lawi lotentha ndi lokhalitsa, ndipo ina imakhala ndi chitsulo chochindikala kuti isabooke. Koma palibe muyezo umodzi umene makampani onse amatsata pa liwu la magnum. Winchester amagulitsa primer yaikulu imodzi yokha ya mfuti za m'manja, yolembedwa kuti ndi ya zipolopolo wamba ndi za magnum zomwe. Imene kampani ina ikuitcha wamba ikhoza kutentha pafupifupi ngati magnum ya kampani inzake.

Taonaninso manambala a SAAMI, bungwe lokhazikitsidwa mu 1926 kuti liziika malire a mphamvu imene mpweya wa wonga umakankha nayo mkati mwa mfuti. Malire a .357 Magnum ndi 35,000 psi. A 9mm, chipolopolo cha apolisi ndi asilikali m'maiko ambiri, ndi 35,000 psi yomweyo, komabe chimayatsidwa ndi primer wamba, poti khoko lake n'laling'ono ndipo wonga wake suvuta kuyaka. A .38 Special ndi 17,000 psi okha.

Ndiye chimachitika n'chiyani munthu akasinthanitsa? Nthawi zambiri, pa wonga wothira mosapyola pakati, kusiyana kumakhala kochepa, ndipo n'chifukwa chake mumamva wina akulumbira kuti wachita zimenezi zaka makumi awiri popanda vuto. Sakunama. Koma iye wayesa mfuti yake, wonga wake ndi mlingo wake, osati wanu. M'khoko laling'ono lothiridwa mpaka m'malire, moto woonjezera ukhoza kukweza mphamvu kudutsa pamene mfuti inapangidwira. Nthawi zina primer yamphamvu imayamba kukankha mtovu wonga usanagwire bwino moto, zipolopolo n'kumatuluka pa liwiro losiyanasiyana. Chitsulo chochindikala chija nachonso chimakana kuphulika m'mfuti imene mwini anafewetsa sipuling'i yake.

Chimene chimandidetsa nkhawa koposa ndi chikhulupiriro choti munthu angaone ngozi ndi maso, poyang'ana ngati primer yaphwatalala pambuyo powombera. Pa mfuti zaitali chizindikirochi chimathandizako. Pa revolver yakale ya .38 Special, mphamvu ikhoza kupyola malire kutalitali primer ikuonekabe bwinobwino, ndipo choyamba kulankhula chidzakhala chitsulo cha mfuti, chili m'dzanja la munthu.

Kusintha kobwerera m'mbuyo nako kuli ndi ngozi yake, mwina yoposa. Primer wamba pansi pa H110 m'mawa wachisanu ikhoza kulephera kuuyatsa wonse, mtovu n'kutsakamira pakati pa mpope. Wowombera akapanda kumva kuti kulira kwasintha, chipolopolo chotsatira chimakagunda chinzake. N'chifukwa chake Hodgdon akhala akuchenjeza kwa zaka zambiri kuti wonga umenewu usachepetsedwe mwachisawawa. Apa ngakhale langizo lozolowereka lakuti chepetsa wonga siligwira mofanana ndi pa mitundu ina.

Njala ya maprimer ya 2020 sinali yoyamba. Inaliko cha m'ma 1994, inabweranso mu 2009 ndi mu 2013, nthawi zonse pamene anthu ankaopa malamulo atsopano a mfuti. Opanga akuluakulu ku America anali anayi okha, CCI, Federal, Remington ndi Winchester, ndipo kampani ya Vista Outdoor itagula fakitale ya Remington ku Lonoke m'chigawo cha Arkansas mu 2020, atatu mwa iwo anakhala m'khola limodzi. Ntchito yopanga maprimer siithamangitsika: mankhwalawo amawasakaniza ndi kuwaika ali onyowa kuti asaphulike, ndipo wogwira ntchitoyo saphunzira sabata imodzi. Tsono njala ikabwera, aliyense amati fodya wako ndi uyo ali pamphuno, n'kutola bokosi lililonse limene wapeza.

Mabuku a odzaza zipolopolo, a Speer, Hornady, Lyman ndi ena, amalemba dzina la primer pamwamba pa tsamba lililonse, pamodzi ndi mtundu wa khoko ndi utali wa mpope. Sachita izi pofuna kutsatsa malonda. Manambala onse a pa tsambalo anayezedwa ndi makina pogwiritsa ntchito primer imeneyo, ndipo ikasinthidwa, manambalawo salinso umboni wa chilichonse. Langizo lawo n'limodzi kuyambira kale: ukasintha chinthu chimodzi, bwerera pa mlingo woyambira umene bukulo lapereka, ukwere pang'onopang'ono, osadutsa malire.

Kuno kwathu mfuti ndi zipolopolo zili pansi pa lamulo ndi chiphaso, ndipo iyi si ntchito yoyesera kuseri kwa nyumba. Koma kwa owerenga athu amene ali ku South Africa kapena ku America, kumene masewera owombera chandamale ndi ololedwa ndipo makina odzazira amagulitsidwa poyera, pempho langa ndi ili: bokosi likalembedwa magnum pamene buku lanu lalemba primer wamba, lisiyeni kaye pa shelefu mpaka mutapeza tsamba limene linayezedwa ndi primer imeneyo, kapena mutafunsa kampani yopanga wonga wanuwo.