Kafukufuku wa matenda a mitengo m'Malawi

Kafukufuku wa matenda a mitengo ndi nthambi ya sayansi yofufuza chomwe chikudwalitsa mtengo, momwe vutolo limafalira, ndi njira zolithetsera. Zodwalitsa zake ndi mafangasi, mabakiteriya ndi mavairasi, koma akatswiri amaunikanso tizilombo, chilala ndi nthaka, poti zonsezi zimaonetsa zizindikiro zofanana: masamba achikasu, nthambi zouma kuyambira kunsonga, utomoni wotuluka pakhungwa. M'Malawi ntchitoyi imatsogozedwa ndi Forestry Research Institute of Malawi ku Zomba, pomwe mitengo yazipatso imaonedwa kwambiri kumalo ofufuzira zaulimi monga Bvumbwe ndi Chitedze.

Chovuta n'chakuti pomwe mtengo ukuonetsa kudwala sipomwe pali nthenda nthawi zonse. M'mayadi akuluakulu a ku Area 10 mu Lilongwe, momwe muli mango, mapeyala, jakaranda ndi mitengo yachilengedwe yotsala pomanga likulu, mwininyumba akaona mtengo ukufota amathamangira kunena chiswe. Kawirikawiri chiswecho chimabwera pambuyo, mtengo utafooka kale chifukwa chodulidwa mizu pokumba maziko a mpanda, kapena kukwiriridwa tsinde ndi simenti. Motero wofufuza amayamba n'kufunsa mbiri ya malowo, kenako amafukula patsinde, kusenda khungwa pang'ono ndi kununkhiza. Kachidutswa kamene amatengera ku labotale amakadula m'malire mwa pamoyo ndi pakufa, chifukwa pamene pauma kale pamadzaza nkhungu zongodya zowola. Ku labotaleko fangasi wodwalitsa mtengoyo amamumeretsa m'timbale n'kumuona pa maikulosikopu.

Nthenda yomwe inatchukitsa dziko lino pa sayansi imeneyi ndi yoola mizu, yobwera ndi fangasi wotchedwa Armillaria. Imadziwika ndi zoyera ngati pepala pansi pa khungwa, fungo la bowa ndi mizu yong'aluka. Inkapha tiyi m'minda yomwe inatsegulidwa pogwetsa nkhalango, poti fangasiyu amakhala m'zitsa n'kumalowa m'mizu ya mbewu yatsopano. Mu 1937, Robert Leach, yemwe ankagwira ntchito mu Nyasaland, anafalitsa zomwe anapeza: mtengo ukasendedwa khungwa mozungulira miyezi yambiri usanadulidwe, chakudya chochokera m'masamba sichifika kumizu, mizuyo imatha zomwe inasunga, ndipo chitsa chake sichikhalanso nkhokwe ya fangasi. Ndi njira yosafuna mankhwala, nkhwangwa basi, ndipo inatengedwa m'maiko ena olima tiyi.

Mliri wina sunali wa fangasi konse. Mu 1986 nsabwe zoyamwa mitengo ya saipulesi, za mtundu wa Cinara, zinapezeka m'Malawi koyamba mu Africa, zisanafalikire ku Tanzania, Kenya ndi Uganda. Zimabisala pakati pa nthambi ndipo sizioneka msanga, choncho mtengo wofiira ngati wapsa ndi moto ukhoza kuganiziridwa chilala. Zinaononga mipanda ya saipulesi ndi minda ya mitengo, komanso zinagwira mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko kuyambira 1984. M'zaka za m'ma 1990 anabweretsa kamavu kakang'ono kotchedwa Pauesia juniperorum, kamene kamaikira mazira m'thupi mwa nsabwezo.

Bulugamu, yemwe ankatengedwa ngati mtengo wosadwala, tsopano ali ndi adani ochokera kwawo ku Australia, monga Leptocybe invasa, kamavu kotupitsa timisempha ta masamba ndi nsonga zanthete, makamaka pa mbande za kunazale.