Mmene Mtima Unapangidwira ndi Mmene Umagwirira Ntchito

Mtima ndi mnofu wamphako womwe uli pakati pa mapapo awiri, kuseri kwa fupa la pachifuwa, ndipo nsonga yake inapendekera kumanzere. Ndi waukulu ngati chibakera cha mwini wake. Mwa munthu wamkulu umalemera pafupifupi magalamu 300, ndipo munthuyo akangokhala phee umagunda ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi, kupopa malita a magazi pafupifupi 5.

Zipinda zinayi

Amene anadulapo mtima wa mbuzi kapena wa ng'ombe pakati anaona kale kapangidwe ka mtima wathu, pakuti nyama zonse zoyamwitsa zili ndi mtima wa zipinda zinayi: ziwiri zapamwamba zolandira magazi ndi ziwiri zapansi zowakankha. Pakati pali khoma logawa mtima pawiri. Mbali yakumanja imalandira magazi ochokera m'thupi n'kuwatumiza ku mapapo kukatenga mpweya wa okosijeni. Akabwerako amalowa mbali yakumanzere, yomwe imawaponya mu mtsempha waukulu wotchedwa aorta kuti afike thupi lonse. Ulendo wachiwiriwu ndi wautali, n'chifukwa chake mnofu wa chipinda chapansi chakumanzere ndi wochindikala pafupifupi katatu kuposa wa chakumanja. Matenda othamanga magazi akapanda kusamalidwa, chipinda chimenechi n'chimene chimayamba kulema.

Mtima sudya magazi amene akudutsa m'zipinda zake. Uli ndi mitsempha yakeyake yoyanga kunja kwake, ndipo umodzi ukatsekeka, mnofu wa mbali imeneyo umayamba kufa.

Mavavu

Pakhomo lotulukira la chipinda chilichonse pali vavu, kachitseko kanthete kamene kamalola magazi kupita kutsogolo kokha. Mavavuwa alipo anayi, ndipo kugunda kumene dokotala amamvetsera pachifuwa ndi phokoso la kutsekeka kwawo. Vavu ikamatayikira kapena ikapanikizika, amamvanso kaphokoso kena kouzira.

Vavu yofunika kuidziwa kwambiri m'chigawo chathu chino ndi ya mitral, yomwe ili pakati pa zipinda ziwiri zakumanzere. Mwana wa zaka 5 mpaka 15 akadwala zilonda zapakhosi zoyamba ndi bakiteriya wa streptococcus osalandira mankhwala, chitetezo cha m'thupi mwake nthawi zina chimasokonezeka n'kuyamba kulimbana ndi mfundo za mafupa komanso mavavu a mtima. Zoterezi zikamabwerezabwereza, vavu imachita zipsera n'kuuma. Chomvetsa chisoni n'chakuti pakhosi pamapola pokha, makolo n'kuiwala, vuto n'kudzaonekera patapita zaka, mwina mtsikana uja ali woyembekezera, pomwe mtima wake ukufunika kupopa magazi ochuluka kuposa kale. Komatu penisilini woperekedwa pa nthawi ya zilondazo amateteza zonsezi. Amene mavavu awo anakhudzidwa kale amabayidwa jekeseni wa penisilini pakatha milungu 3 kapena 4 iliyonse, kwa zaka zambiri, ndipo sayenera kudumphitsa.

Mbali yakumanzere ikafooka, madzi amadzadza m'mapapo: munthu amabanika, makamaka akagona chagada. Yakumanja ikafooka, mapazi, miyendo ndi mimba zimatupa. Mukaona zizindikiro zimenezi, kapena mwana akamamva kuwawa ndi kutupa m'mawondo ndi m'zigongono patapita milungu ingapo chidwalire pakhosi, pitani naye kuchipatala msanga ndipo mukatchule za pakhosipo. Kupweteka kothina pachifuwa kofika kudzanja kapena kunsagwada sikoyembekezera kuti kuche.