Mbalame yotchedwa dzina la kwathu

Ndikatuluka mumgodi kuno ku Rustenburg, maso amagwera pa mapiri a Magaliesberg, koma mtima umathawira ku phiri la Thyolo kumene ndinakulira. Paphiri limenelo pali mbalame imene mbiri yake ndinaidziwa mochedwa, ndili kale kuno ku Joni.

Mu 1927, katswiri wa mbalame wa ku Britain, William Lutley Sclater, anailemba m'mabuku a sayansi n'kuitcha Alethe choloensis. Dzinali analitenga ku Cholo, mmene atsamunda ankalembera Thyolo. Boma linakonza kalembedwe ka dzina la dera lathu titalandira ufulu, koma Cholo anatsalira pa mbalameyi mpaka lero.

Kukula kwake ili ngati pumbwa: msana wofiirira, pakhosi poyera. Imakhala pansi, mumthunzi wa nkhalango yowirira, ndipo imalondola linthumbu. Linthumbu likamadutsa, tizilombo timabalalika kuthawa, iyo n'kumatola. Linthumbu lotere limafuna chinyontho ndi masamba oola. Mukadula mitengo, nthaka imauma, chakudya cha mbalameyi chimatha, ndipo siingakasake m'munda wa tiyi kapena wa chimanga. Kwa iyo, nkhalango ya paphiri ndi chilumba. Mulanje ndi chilumba china, Namuli ndi Chiperone ku Mozambique ndi zinanso, ndipo minda ya pakati pake ndi nyanja.

Mbiri ya mbalame za pa zilumba zenizeni imatichenjeza. Ku Mauritius, mbalame ya dodo inatheratu zaka za m'ma 1600 zisanathe, patangopita zaka zosakwana 100 anthu atafika ndi nkhumba ndi makoswe. Ikasowa pothawira, mbalame ya pachilumba imatha msanga.

Chilumba chathu sanachiwononge ndi alendo okha. Atsamunda atatenga chigwa chachonde n'kudzala tiyi, makolo athu anatsala ndi timinda tochepa ndi thangata. Anthu anachuluka, malo osakula. M'zaka za m'ma 1990 tinakwera phiri ndi nkhwangwa. Ine ndinali mnyamata, ndinkanyamulira amalume nkhwangwa ndi madzi akumwa. Tinagwetsa mitengo imene anthu atatu sakanaikumbatira, tinatentha, tinadzala chimanga ndi nthochi. Sindinganame kuti tinkachita zamwano. Inali njala. Koma nkhalango inatha, kupatula kachigawo ka pa esiteti ya Satemwa. Malo amene anatikankhira kuphiri ndi omwenso anasunga mitengo yotsala. Mfundo imeneyi imandiwawa, ndipo sindinaipezere yankho.

Chiyembekezo chilipo. Mu 2008, akatswiri otsogozedwa ndi a Kew Gardens a ku London anafufuza nkhalango ya paphiri la Mabu ku Mozambique, ndipo anaipeza mbalameyi ikukhala bwino. Ku Mauritius komweko, kabawi wa pachilumbacho anatsala anayi okha m'tchire mu 1974. Anthu anaswetsa mazira ake, kuteteza zisa, ndipo lero alipo mazana.

Mwezi uliwonse ndimatumiza ndalama kumudzi. Chaka chino ndauza achemwali kuti gawo lina agulire mbande za mitengo yachilengedwe, adzale m'mbali mwa kamtsinje ka kumunda kwa malemu amalume. Anandiseka pafoni, amvekere: “Achimwene, mitengo tidya?” Funso lawo ndi loona, ndipo aliyense wofuna kuteteza mbalame ya ku Thyolo ayenera kuyamba waliyankha. Ndawonjezera ya feteleza, kuti munda wa m'munsi ukwanire, wa kumtsinje upume.